Makolo akubwera ku graduation, ndikufuna ndikawaonetse njati ku Custer State Park, amene munafikako ndithandizeni

Nachisale wa ku Minneapolis:

Moni abale ndi alongo nonse. Ndili ndi funso nde ndikupempha amene anapitako andiwunikire bwinobwino. Mayi ndi bambo anga akubwera ku graduation yanga pakati pa Meyi, visa inatuluka kale tikuthokoza Mulungu, ndipo akhala nane mpaka chakumayambiriro kwa Juni. Sindikufuna kuti abwere ulendo wautali chonchi n'kungokhala m'nyumba kuonera TV ndi kuzungulira m'mashopu basi, makamaka bambo, iwo ndi munthu wokonda zam'tchire kwambiri ndipo chiyambire kukamba za ulendowu amangondifunsa kuti kodi njati za ku America zija tikaziona? Nde mnzanga wina kusukulu anandiuza za Custer State Park ku South Dakota, kumapiri a Black Hills, akuti njati zimayenda pamsewu penipeni ndipo ndi pafupi ndi Mount Rushmore, phiri lija anasemapo nkhope za mapulezidenti anayi a America.

Maganizo anga anali oti tinyamuke Lachisanu, Loweruka tione Mount Rushmore m'mawa kenako masana tidutse mupakimo, Lamulungu tibwerere. Kodi zingatheke? Vuto lina ndi loti mayi ali ndi mawondo ovuta komanso BP, sangayende mtunda wautali, komanso m'galimoto mukachuluka makhota amachita chizungulire mpaka nseru. Ndiyenso ndimve za galimoto, ndibwereke yaikulu kapena kanga kakang'ono kangakwanitse? Nanga kugona, mupaki momwemo kapena mutauni? Zikomo.

Malume a ku Sioux Falls:

Mwanawe poyamba tikuyamikire pomaliza sukulu, wachita bwino kwambiri ndipo makolo ako akanyadira. Malo wasankhawo ndi abwino zedi, ine alendo anga ochokera kumudzi ndimawatengera komweko. Koma pulani yakoyo ndikukana, ukawatopetsa akuluakulu ndipo njati zimene bambo ako akufunazo mwina osaziona n'komwe. Kuchokera ku Minneapolis kukafika ku Rapid City ndi maola pafupifupi 9 ukuyendetsa osawerengera kuima, msewu wake ndi I-90 wowongoka koma wautali mochititsa tulo, kenako kuchoka pa Rapid City kukalowa mupaki ndi ngati mphindi 45 zina. Ndiye tsiku lonse lathera panjira, mawa lake uwadzutse kukaona nkhope za miyala kenako masana dzuwa lili pamutu ndi pamene ukalowe mupaki, nthawi yomwe nyama zambiri zabisala m'mithunzi ndi m'makwawa, ayi ndithu. Onjezera tsiku limodzi, ngati kungatheke awiri, pakiyo uipatse tsiku lakelake.

Msewu umene ukufuna ndi Wildlife Loop Road, ndi mamailosi 18 okha, watala, galimoto yako yaing'onoyo ikwanitsa popanda vuto. Koma usaone kuchepa kwa mamailosiwo, konzekera maola awiri kapena atatu chifukwa umayenda pang'onopang'ono ndipo njati zikaganiza zoima pamsewu palibe chimene ungachite, umangodikira mpaka zitasuntha zokha. Lowani m'bandakucha dzuwa likungotuluka kumene, kapena madzulo litapendeka. M'mawa ndiye bwino kwambiri, magalimoto amakhala ochepa, udzu uli ndi mame, ndipo mukaima n'kutsitsa galasi pang'ono mumazimva zikuzula udzu ndi kupuma mwamphamvu, zina zikudzigudubuza pafumbi fumbi n'kukwera m'mwamba. Mwezi umene mukupitawo ndiye mwachita mwayi, njati zimaswa kuyambira chakumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, nde mukapeza tiana tofiirira tikuthamangathamanga pambali pa amayi awo, pamene zikuluzikuluzo zikuthothoka ubweya wa nthawi yozizira uli lendelende m'mapewa. Mayi ako akasangalala ndi tianato, ndikukuuza.

Gulu lonse mupakimo limakhala cha m'ma 1,300 kapena kupitirirapo, koma paki ndi yaikulu, maekala 71,000, ndiye sizikhala malo amodzi tsiku lililonse. Musanayambe imani pa Visitor Center pamene msewu wa Wildlife Loop umakumana ndi wa 16A, ogwira ntchito pamenepo amadziwa kumene gulu laonekera ndipo amakulozera pamapu. Ngati mwafika madzulo funsiranitu tsiku lomwelo kuti m'mawa mungodzukira. Nthawi zina zimakhala m'kati m'timisewu tamiyala ngati Fisherman Flats kapena Oak Draw, kukakhala kouma umalowa bwinobwino ndi galimoto wamba bola kuyenda mofatsa.

Tsopano mvetsera apa chifukwa ndi pamene anthu amavulalira. Njati zimenezi zimaoneka zofatsa, zimangodya udzu osakulabadira, nde munthu amatengeka n'kutsika kuti ajambule pafupi. Yamphongo imafika makilogalamu 900 ndipo imathamanga mamailosi 35 pa ola, palibe munthu angaithawe. Yaikazi yokhala ndi mwana ndiye osayerekeza. Bambo ako uwauziretu mwaulemu musanalowe kuti tonse tionera m'galimoto, chifukwa akuluakulu athu akasangalala amatsegula chitseko usanayankhule. Ukaona yaimika mchira m'mwamba kapena ikupalasa pansi ndi mwendo dziwa kuti yakwiya. Hutala osaimba, kuzikankha ndi galimoto osayesa, zikakuzungulirani ingokwezani magalasi muzidikira, zina zimabwera kudzanyambita mchere pagalimoto kenako n'kumapita.

Kupatula njati mukaona pronghorn, tinyama tamiyendo yoonda tokhala ndi mizere yoyera pakhosi, palibe nyama yapamtunda yothamanga kuposa imeneyi ku North America kuno. Mukaonanso ma prairie dog, timbewa tikuluikulu tokumba mauna ambirimbiri pamalo amodzi, timaima ndi miyendo iwiri pakhomo pa una n'kumalira, koma osatigwira kapena kutipatsa chakudya, timakhala ndi utitiri wofalitsa matenda ndipo m'maunamo mumabisalanso njoka. Nkhukundembo zam'tchire, agwape, nthawi zina nkhosa zam'mapiri zanyanga zopindika. Elk, mtundu wa gwape wamkulu kwambiri, ndiye yamanyazi, kuiona ndi mwayi wa m'mamawa kwambiri kapena kukuchita mdima.

Mai a Tadala, Denver:

Achemwali zabwino zonse pa graduation. Amalume anena zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera za misewu ya m'mapiri chifukwa mwatchula za chizungulire cha amayi. Ife timachokera ku Denver, ndi maola ngati 6, ndipo apongozi anga nawonso ali ndi vuto lomwelo nde ndikudziwa mmene zimakhalira.

Misewu yotchuka ilipo iwiri. Wina ndi Needles Highway, mamailosi 14, unamalizidwa mu 1922, umadutsa pakati pa miyala italiitali yosongoka yoima njo m'nkhalango ya paini, kukongola kwake ine sindingakufotokozeni mokwanira. Winawo ndi Iron Mountain Road wopita ku Mount Rushmore, mamailosi 17 koma makhota ake alipo 314, kuli milatho itatu yamatabwa yozungulira moti msewu umadzidutsa wokha pansi, ndi ma tunnel atatu amene anawaboola mwadala kuti ukamadutsa uziona nkhope za Mount Rushmore kutsogolo kwenikweni kwa chibowocho. Amene analimbikira misewu imeneyi ndi Peter Norbeck, anali gavanala wa South Dakota kenako senator, ndipo njira zake ankaziyendera yekha wapansi ndi pahatchi posankha podutsa, cholinga chake chinali choti munthu asathamange koma aziona malo. Nde ngati munatsikako msewu wa Khwekhwelere wopita ku Golomoti mukhoza kuganizira mmene mutu wa amayi ungachitire, kungoti uwu ndi wopapatiza kwambiri.

Maganizo anga ndi oti musachite misewu iwiriyi tsiku limodzi. Sankhani Needles, muyambire chakum'mawa muzikwera pang'onopang'ono kukathera pa Sylvan Lake. Amayi akhale kutsogolo osati kumbuyo, asamayang'ane pafoni, adye kachakudya kopepuka kaye, mutenge tiyi wa jinja mu flask, ndipo pali malo ambiri oimikapo galimoto m'mbali nde muziima pafupipafupi apume mpweya. Za mapiritsi a chizungulire funsani kaye ku pharmacy muwauze mankhwala a BP amene akumwa, osangogula. Kumbukiraninso kuti kumeneko ndi pamwamba, Sylvan Lake ili pamtunda wopitirira mamita 1,800, munthu wamkulu amatha kumva phuma akangoyenda pang'ono nde madzi akumwa azikhala pafupi.

Pa galimoto ndikugwirizana ndi amalume, musabwereke chigalimoto chachikulu. Needles Eye Tunnel ndi yopapatiza, m'lifupi mwake ndi ngati mafiti 8 okha, imalowa galimoto imodzi, mumayamba mwaona ngati kutsogolo kukubwera ina kenako n'kulowa. Ndinaona bambo wina ali ndi chipikapu chachikulu atapinda magalasi am'mbali onse awiri, mkazi wake akuyenda kutsogolo kumulozera, kumbuyo mzere wa magalimoto utafika patali. Pamenepo yang'anani m'mwamba m'miyala ngakhalenso mkati mwa tunnel momwemo, nthawi zina mbuzi zoyera zam'mapiri zimabwera kudzanyambita makoma. Potsika gwiritsani giya yotsika musamangoponda mabuleki njira yonse. Msewuwu amautseka nthawi ya chipale chofewa n'kutsegula cha mu Epulo, nde mu Meyi mukaupeza wotsegula, komabe nyengo ya kumapiri imasintha msanga, m'mawa kumazizira kwambiri, masana mabingu ndi matalala zimatha kungobwera mwadzidzidzi. Majuzi ndi zipewa za akuluakulu musasiye.

Pa Sylvan Lake ndiye pamene amayi akapumire, ndi kanyanja kakang'ono kozunguliridwa ndi matanthwe osalala, mbali ya kufupi ndi poimika magalimoto njira yake ndi yosalala ndipo pali pokhala, kuseri kwa damu ndiye kuli masitepe amenewo awasiye. Pomwepo ndi pamene pamayambira njira yokwera Black Elk Peak, phiri lalitali kuposa onse mu South Dakota, kupita ndi kubwera ndi ngati mamailosi 7, zimenezo mudzachite ulendo wina ndi anzanu.

Koma chinthu chimodzi amalume sanatchule, abulu! Mu Wildlife Loop chakummwera muli abulu amene amaimitsa magalimoto n'kulowetsa mutu pawindo kufuna chakudya. Makolo awo ankanyamula alendo kukwera phiri lija kalekale, ntchitoyo itatha anangowamasula mupaki. Ana anga amawakonda kwambiri. Anthu amawapatsa makaroti ndi maapozi ngakhale a paki salimbikitsa zimenezo, ine ndinganene kuti muzingowaona, amaluma komanso amaponda akayamba kulimbirana.

Nachisale wa ku Minneapolis:

Zikomo kwambiri amalume, zikomo Mai a Tadala, mwanditsegula maso. Ndayankhula ndi abwana kuntchito ndipo andilola kutenga Lolemba ndi Lachiwiri, nde tikhala ndi masiku atatu athunthu kumeneko kuphatikiza la kupuma. Iron Mountain Road mwina ndipita ndi bambo okha mayi akupuma kuchipinda. Funso latsala ndi la kogona, komanso ndili ndi khadi lija la pachaka la ma national park, likagwira ntchito pageti? Chinanso bambo anandifunsa dzulo pa WhatsApp kuti Custer ameneyu anali ndani kuti mpaka paki itchedwe dzina lake, ine ndinalibe yankho, ndipo ndikudziwa kuti akafika kumeneko mafunso akachuluka.

Mphunzitsi wa ku Omaha:

Achemwali, funso la bambo anulo ndi lofunika ndipo ndasangalala kuti afunsa, chifukwa anthu ambiri amapita kukajambula njati ndi nkhope za mapulezidenti n'kubwerera osadziwa kuti aponda pamalo otani. Mapiri a Black Hills ndi malo opatulika a anthu a mtundu wa Lakota, iwo amawatchula Paha Sapa kapena He Sapa. Mu 1868 boma la America linasainirana nawo pangano ku Fort Laramie lovomereza kuti dera limenelo ndi lawo. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1874, George Armstrong Custer, mkulu wa asilikali, analowa m'mapirimo ndi gulu lalikulu la asilikali ndipo anthu ake anapeza golide mumtsinje wa French Creek, womwewo umene umadutsa mupakimo lero. Mbiri itamveka anthu ofuna golide anakhamukirako, pangano lija linaphwanyidwa, nkhondo inabuka, Custer mwiniyo anaphedwa ku Little Bighorn mu 1876, ndipo mu 1877 boma linalanda mapiriwo. Nkhani sinathere pamenepo ayi, mu 1980 khoti lalikulu la America linagamula kuti malowo anatengedwa mosayenera ndipo linalamula chipukuta misozi choposa madola 100 miliyoni, koma a Lakota anakana kulandira ndalamazo mpaka lero, akuti mapiriwo sanali ogulitsa, akufuna malo awo. Ndalamazo zikungochulukana ndi chiwongoladzanja ku boma, anthu ake ambiri akukhala movutika ku Pine Ridge osati kutali kwenikweni ndi kumeneko, koma osazikhudza. Ine zimenezi zimandikhudza mtima kwambiri ndipo munthu wamkulu wa kwathu amene amadziwa nkhani za malo ndi maesiteti sangavutike kuzimvetsa.

Phiri limene Mai a Tadala atchula lija linkatchedwa Harney Peak, dzina la mkulu wina wa asilikali amene anatsogolera kuphedwa kwa anthu a Lakota kuphatikizapo amayi ndi ana mu 1855, ndipo analisintha mu 2016 kukhala Black Elk Peak polemekeza munthu wolemekezeka wa chipembedzo cha a Lakota.

Njatinso zili ndi mbiri yake yowawa. Kale zinalipo mamiliyoni makumimakumi m'zigwa zimenezi, a Lakota ndi mitundu ina ankadalira izo pa chakudya, zofunda, mahema, zonse. Zinaphedwa mwaunyinji chifukwa cha zikopa komanso pofuna kugonjetsa eni nthaka ndi njala, moti pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 zinatsala mazana ochepa chabe. Zimene mukaonezo zinayambira pa njati 36 zimene boma la South Dakota linagula mu 1914 kuchokera ku gulu la mlimi wina, Scotty Philip, amene ankazisunga kufupi ndi Fort Pierre. Bambo anu mukawafotokozere zimenezi muli pakati pa gululo, akaziona ndi maso ena.

Ngati nthawi ilipo apititseni ku Crazy Horse Memorial, chosema chokumbukira Crazy Horse, mtsogoleri wankhondo wa a Lakota, ili pafupi ndi tauni ya Custer, akhala akusema phiri limenelo kuyambira 1948 ndipo sanamalize, pali nyumba yosungiramo zinthu zachikhalidwe za eni nthaka imene amayi angayendemo mosavuta. Dziwani chabe kuti a Lakota eniake sagwirizana onse pa chosemacho, ena amati phiri lopatulika siliyenera kuphwanyidwa ngakhale pofuna kulemekeza mtsogoleri wawo.

Malume a ku Sioux Falls:

Aphunzitsi mwayankha bwino, zina mwa izo nanenso ndikafotokozera alendo anga ulendo wotsatira. Mwanawe, khadi lako la ma national park silikagwira pageti pa Custer chifukwa pakiyi ndi ya boma la South Dakota, umalipira payokha, chiphaso cha galimoto imodzi chimakhala cha masiku 7 nde umalowa ndi kutuluka mmene ungafunire. Koma lisasiyidwe kunyumba, mukamabwera pa I-90 likuthandiza kulowa ku Badlands National Park, ndi panjira pomwe mukamayandikira tauni ya Wall ndipo ndi malo abwino owongolera miyendo. Kummwera kwa Custer kulinso Wind Cave National Park, nakonso kuli njati zake ndipo magalimoto amachepa, ngati mwalephera kuziona bwino mu Loop tsikirani kumeneko. Ku Mount Rushmore kulowa ndi kwaulere koma poimika galimoto umalipira, khadilo siligwiranso pamenepo.

Kogona, ngati thumba likulola gonani mupaki momwemo ngakhale usiku umodzi, chifukwa ndi zimene zimapangitsa kudzuka m'bandakucha kukhala kosavuta. State Game Lodge ili pafupi ndi poyambira Wildlife Loop, ndi nyumba yakale yamiyala ndi matabwa imene Pulezidenti Calvin Coolidge anakhalamo chilimwe cha 1927 akugwira ntchito za boma kuchokera kumeneko, ndipo njati zamphongo zokalamba zimakonda kuyendayenda pakapinga cha pomwepo, nde potuluka m'chipinda m'mawa muziyamba mwasuzumira. Kulinso Legion Lake, Blue Bell ndi Sylvan Lake, konseko kuli tinyumba togona ndipo tina tili ndi pophikira, zimene kwa ife n'zofunika, akuluakulu masiku atatu a mabaga okhaokha sangapirire, nyamula ufa ndi mthiko wako, kampoto ndi nyemba zophikaphika mu cooler box. Malowa amadzaza msanga makamaka kuyambira weekend ya Memorial Day kumapeto kwa Meyi, nde buka lero lomwe, popempha chipinda unene kuti ukufuna chapansi chopanda masitepe chifukwa cha mawondo a mayi. Zikakanika, tauni ya Custer, Keystone kapena Hill City ndi pafupi ndipo mitengo imatsikako.

Petulo thira mutauni usanalowe, netiweki ya foni mupakimo imaduladula nde mapu uwasungiretu pafoni kapena utenge apepala pageti. Ukadutsa mtsinje wa Missouri n'kupitirira chakumadzulo nthawi imabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi, uziganizira zimenezo pa nthawi ya mankhwala a mayi. Mukamayenda mu Loop mukaona mitengo yambiri yakupsa itaima yakuda m'mapiri, umenewo ndi moto wa mu Disembala 2017 umene unatentha gawo lalikulu la paki, bambo ako akafunsa ndithu.

Mai a Tadala, Denver:

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi maganizo opita miyezi ina, chiyambi cha Ogasiti pewani ngati muli ndi akuluakulu kapena ana aang'ono, kumakhala msonkhano wa njinga zamoto ku Sturgis ndipo misewu yonse ya Black Hills imadzaza, phokoso tsiku lonse, zipinda mitengo kukwera. Julayi ndi Ogasiti ndi nthawinso imene njati zamphongo zimalimbirana zazikazi nde zimakhala zaukali kuposa nthawi zonse. Koma Lachisanu lomaliza la Seputembala kumakhala Buffalo Roundup, anthu apamahatchi ndi magalimoto amakusa gulu lonse kulilowetsa m'makola, nthaka imachita kunjenjemera, kenako amaziyeza, kuzibaya katemera, zina n'kuzipatula kuti akazigulitse pa okushoni mu Novembala chifukwa udzu wa mupaki sungakwanire zonse. Kumafika anthu masauzande ambiri nde umayenera kudzuka usiku kukapeza malo ndi mipando yako.

Achemwali a Nachisale, kwa amayi musaiwale kabulangete kofunda m'miyendo m'mawa muja, ndi ma binoculars ngati pali amene angakubwerekeni, bambo akawafuna pa ma pronghorn chifukwa amakonda kuima patali. Ngati mulibe ndiuzeni ku inbox, athu angokhala, ndikutumizirani pa positi graduation isanafike.